Tsiku limene ndinawerenga kope la mdzukulu wanga

Mukadzandiona ndikuseka mudzapeza kuti mano awiri akutsogolo kulibe. Ana a kwathu kuno kwa Kawinga ndimawauza kuti anachoka ndi nzimbe, koma limenelo ndi bodza, limodzi mwa ambiri amene ndawadyetsa. Manowo anatsala pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu wochoka ku Liwonde kupita ku Balaka, ndipo amene anandiperekeza kokawataya ndi ana a ku yunivesite owerenga Baibulo.

Mdzukulu wanga Yankho ndiye woyamba m'banja mwathu kufika ku yunivesite. Tinamutumiza kuti akaphunzire za ulimi, koma pa tchuthi anabwera ndi zina zimene sitinamutume. Anati kumeneko ali m'kagulu ka anthu ochepa, amakumana Lachitatu lililonse m'chipinda cha mnzawo, kuwerenga Baibulo, kuloweza ndime ndi kufunsana mmene wina wayendera sabata imeneyo. Lamulo lawo ndi lakuti aliyense akhale ndi munthu mmodzi woti iye azimuphunzitsa, amene amamutcha mwana wauzimu. Lamulo lina ndi la kope. Aliyense amayenda ndi kope, ndipo munthu akamuuza vuto lake amalemba dzina, mudzi ndi vutolo, kuti asaiwale pomupempherera.

Yankho anali asanapeze mwana wauzimu. Anayang'ana m'mudzi monse, n'kusankha ine. Ine amene ndinabatizidwa amake asanabadwe, amene makolo anga anachoka ku Mozambiki atanyamula nyimbo za tchalitchi m'mutu, ndinasanduka khanda la mwana amene ndinkamupukuta mamina. Ndinavomera chifukwa pophunzirapo ankandiphikira tiyi wa mkaka.

Ulendo unabwera chonchi. Kagulu kawo kanaitanidwa ku tchalitchi china ku Rivirivi kuti kakaphunzitse achinyamata kwa sabata imodzi. Amake Yankho anakana kuti mwana wamkazi sangapite yekha ndi anyamata, ngakhale akhale opemphera chotani. Ine ndili ndi achemwali anga okwatiwa ku Rivirivi komweko, ndipo panali patadutsa zaka osaonana. Choncho anandipatsa udindo wa ulonda. Ndinamanga kathumba ka kalongonda, nyemba zathu zija za Alomwe, kokawapatsa achemwaliwo, ndinaika fodya wa chingambwe m'thumba la jekete, basi.

Tinanyamuka dzuwa likutuluka, mwezi wa Okutobala, atatu pa njinga yamoto ya kabaza mpaka pa Nselema. Pamenepo tinapeza minibasi yooneka ngati yatsala pang'ono kudzaza. Titangokhala, anthu anayi anatsika mmodzimmodzi. Anali a ganyu yongokhala m'mipando kuti ife opusa tikopeke. Tinadikira mpaka thukuta linayamba kuyenda m'misana. Kondakitala atatchula mtengo wa ku Liwonde ndinamuuza kuti pa unyamata wanga ndalama imeneyo ndikanagula mbuzi ndi chingwe chake. Anandiyankha kuti ndikwere mbuziyo.

Yankho sanataye nthawi. Anatsegula Baibulo pa maondo n'kuyamba kundilowezetsa ndime ya sabata imeneyo. Ine sukulu ndinalekera sitandade folo. Kuwerenga ndimatha, koma ngati ngolo yokwera chitunda, ndipo kuloweza ndiye kunandithawa kalekale. Iye akanena mawu asanu, ine ndimabweza atatu, n'kuwonjezera anga awiri. Amayi ena achiyao amene anapanikiza dengu la matemba pa miyendo yanga anaseka mpaka kutsokomola.

Pa Ntaja panakwera bambo wina wa chipewa chofiira, ndipo ndi iye amene anabweretsa nkhani ya anamapopa. Anati kutsidya kwa Shire anthu sakugona m'nyumba, kwafika alendo ovala bwino amene akuyenda masana kuzonda makomo, kenako anthu amadzuka ofooka, magazi atawapopa. Minibasi yonse inalowa m'nkhaniyo. Ine, mmalo mokhala chete ngati munthu wamkulu, ndinati ndinamuonapo mmodzi ndi maso angawa, anali ndi chikwama cha kumsana chodzaza mawaya. Ndinkangofuna kuti andimvetsere. Yankho ananditsina pa ntchafu, n'kutulutsa kope lake, kulembamo kenakake. Ndinamufunsa kuti walemba chiyani. Anati ndi za iye ndi Mulungu.

Pa Liwonde tinapeza anzake atatu akutidikira pa depoti. Awiri, mnyamata ndi mtsikana, anali ofatsa, sindiwatchula. Wachitatu anali mtsogoleri wawo, amene ankamutcha mbale Limbani: wamtali, wa magalasi, malaya oyera opisira, kumsana chikwama chachikulu. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kundifunsa ngati ndili wotsimikiza za kumene ndikapite ndikafa. Ndinamuuza kuti pakali pano ndikufuna ndikafike kaye ku Balaka. Mwana wabwino, koma wa mtundu uja woti akadziwa chinthu chimodzi amaganiza kuti wadziwa ndi msewu womwe. Kope lake ankalemba m'Chingerezi, ndipo pokhala wophunzira zomangamanga ankajambulanso mapu a nyumba ya munthu, kuti anzake odzabwera m'mbuyo asadzasochere. Tisananyamuke n'komwe anali atalemba kale dzina la kondakitala wa minibasi yachiwiri.

Tinawoloka Shire cha m'ma leveni, tinasiya mphambano ya ku Mangochi, tinayenda ndithu kamtunda. Kenako pansi pa galimoto panamveka kuphulika, chitsulo china chinayamba kukwekwereza pa tala, ndipo tinakaima m'mbali mwa msewu pafupi ndi mtengo wa mango. Dalaivala anagona pansi, anatukwana, anadzuka, anakwera njinga yamoto kubwerera ku Liwonde kukasaka chitsulo china. Anati mphindi makumi atatu. Inu amene munayendapo mukudziwa kutalika kwa mphindi za dalaivala.

Maminibasi ena ankadutsa odzaza mpaka pakhomo. Tinadya mango osapsa. Mwana wa mayi wina analira mpaka mawu kutha. Ola loyamba linatha, lachiwiri linayamba. Apo m'pamene mbale Limbani anaimirira n'kunena kuti galimoto siinafe mwangozi, pali munthu m'mudzi wapafupiwo amene akuyenera kumva uthenga lero. Anagawana awiriawiri monga amachitira. Ofatsa aja anawoloka msewu, iye ndi Yankho analowa kanjira kopita ku nyumba zimene zinkaoneka kuseri kwa minda. Sanafunse munthu aliyense wa pamalopo. Ine mlonda ndinaganizako za bambo wa chipewa chofiira uja, koma tulo tinali titandigwira kale. Ndinatsamira kathumba kanga ka kalongonda n'kuphimba nkhope ndi jekete.

Chinandidzutsa ndi wezulo, ndi kulira kwa zitini. Ofatsa awiri aja anatulukira akuthamanga, mtsikanayo alibe nsapato. Kondakitala anazindikira msanga kuposa tonse. Anaimitsa lole imene inkadutsa, anawaponyamo, n'kuwauza kuti akaitane apolisi ku Balaka. Lole isanazimiririke, gulu linatulukira m'kanjira kaja.

Anali anthu ochuluka ngati a pa maliro, amuna kutsogolo, amayi ndi ana m'mbuyo. Amuna ena ankamukoka Limbani ndi miyendo, mutu ukugunda m'mizere. Malaya oyera aja anali atafiira, magalasi kulibe, diso limodzi litatsekeka. Aliyense wofika pafupi ankaponyapo chake, wina chibakera, wina njerwa, wina mpini wa khasu. Yankho anamugwira amuna awiri, bulauzi itang'ambika paphewa, magazi akutuluka m'khutu. Apaulendo anzathu anathawira kutsidya kwa msewu. Limbani anakamuponya pansi pa mango paja, anakhuthula chikwama chake, ndipo munatuluka tochi, kawailesi kokuzira mawu ndi mawaya a mafoni opiringizana. Chinali chikwama chenicheni chimene ndinanama m'mawa uja, ngati kuti ndinachiitana ndine.

Amene ankalamula anali bambo wina wa mapewa aakulu, manja akuda ndi makala, amene anzake ankamutcha Fayisoni. Ananyamula makope awiri m'mwamba. Anatsegula la Limbani n'kumaonetsa anthu tsamba ndi tsamba: uwu ndi mjigo wathu, iyi ndi nyumba ya uje, apa achonga, kutanthauza kuti ayambira pamenepa. Mawu ake anali a Chingerezi, ndipo palibe amene anafuna kumva kuti akuti chiyani. Mapu anakwanira. Anyamata awiri anamasula tayala la sipeya kumbuyo kwa minibasi yathu yomwe, anamuveka Limbani m'khosi, ndipo wa kabaza wina anayamba kukhetsera petulo m'botolo kuchokera mu njinga yake. Wina anakuwa kuti tayala lachiwiri lipezeke la mtsikanayo.

Sindine wolimba mtima, funsani aliyense kwathu. Koma miyendo inanditengera yokha pakati pawo, kathumba kali m'manja. Ndinangoti, abale anga, uyu ndi mdzukulu wanga. Sindinaone amene anandimenya. Mpini unandipeza pakamwa, ndinakhala pansi, ndinalavula mano awiri pamodzi ndi magazi. Wina anandiponda m'nthiti, akuti nkhalambayi ndiye yowalondolera njira. Anang'amba kathumba kanga poganiza kuti muli zipangizo, ndipo kalongonda anamwazika pa fumbi. Gogo wina anawerama, anatola njere imodzi, n'kunena kuti uyu ndi Mlomwe chabe, akupita kwa abale ake. Anthu anaima pang'ono, pang'ono pokha, koma panandikwanira kutsegula pakamwa.

Ndinauza Fayisoni kuti kope linalo ndi la Chichewa, andipatse ndiwerenge pamaso pa onse. Ndinati mukamva za magazi mmenemo muyambe kuotcha ine, ndine wouma kale, sindikutherani petulo. Ena anati awerenge. Anandiponyera kopelo pa chifuwa.

Ndinali ndisanatsegulepo kope la Yankho. Tsamba loyamba linali langa. Ndinawerenga mokweza, chilembo ndi chilembo, magazi akudontha pa pepala. Analemba kuti agogo amamwa kachasu kuseri kwa khola n'kumati ndi mankhwala a chifuwa. Analemba kuti agogo amapita kwa mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa ati kukakonza denga, ndipo denga limenelo lakonzedwa kasanu chaka chino. Pansi pake, ndi inki ya tsiku lomwelo, analemba kuti agogo anama za anamapopa m'minibasi, Ambuye awagwire lilime. Pomaliza panali mzere wakuti ndimawakonda, asafe ali choncho.

Ena anaseka, amayi makamaka. Ndinaganiza kuti tapulumuka. Koma Fayisoni anati zimenezo ndi zolemberana pachibale zoti atipusitse nazo. Analanda botolo kwa wa kabaza uja, anathira petulo yense pa mutu wa Limbani, anatulutsa machesi m'thumba. Limbani ankangoyendetsa milomo, sindikudziwa ngati ankapemphera kapena ankaitana amake.

"Werengani za mudzi uno," anatero Fayisoni. "Mayina athu alembedweranji?"

Ndinatembenuza masamba kufika pa a tsiku limenelo. Panali mayina anayi, onse a amayi. Yankho anayesa kudzuka m'manja mwa omugwira aja.

"Agogo, iyayi. Ndinawalonjeza."

Ndinamumva bwinobwino. Ndinawerenga dzina loyamba. Anali mayi amene mwana wake amagwa khunyu, akupempha kuti achire. Mayiyo anali pomwepo, mwana ali kumsana, ndipo atafunsidwa anavomera ndi mutu kuti ananena yekha. Phokoso linatsikako. Koma Fayisoni anali atasolola kale ndodo ya machesi. Anati mmodzi sakwanira.

Ine powerenga ndimayamba ndaona mawu m'mutu, kenako pakamwa. Choncho dzina lachiwiri ndinalidziwa ndisanalitchule, ndi zonse zimene zinali pansi pake. Ndikanatha kulidumpha n'kupita pa lachitatu. Ndinayang'ana machesi, ndinayang'ana mdzukulu wanga, ndinaona anyamata akugubuduza tayala lachiwiri limene anakalitenga kumudzi. Ndinadziwa kuti dzina lachitatu silingachotse machesi m'manja amenewo, koma ili lingathe. Sindinapunthwe, ndinasankha.

Ndinawerenga kuti Edina, mkazi wa a Fayisoni, amamenyedwa pafupifupi sabata iliyonse. Ndinawerenga kuti anakayezetsa magazi, akumwa mankhwala otalikitsa moyo mobisa, amawasunga kwa mnzake, ndipo amuna ake sakudziwa chifukwa iwo anakana kukayezetsa. Akupempha kuti apeze mphamvu yowauza.

Munthu amaulula kwa mlendo wodutsa zimene sangauze mnansi wake, poti mlendoyo mawa kulibe. Mayiyo anaona mtsikana waulemu wa Baibulo m'manja, anamasula zonse. Sanadziwe kuti mtsikanayo ali ndi agogo.

Anthu onse anatembenukira kwa mayi wina woonda wa chitenje chobiriwira, amene anaima m'mbuyo atagwira pakamwa. Machesi anagwa pansi. Fayisoni anadutsa pakati pa gulu ngati ng'ombe, anamugwira mayiyo tsitsi, anamumenya chibakera kumaso kawiri asanagwe, n'kumukokera m'kanjira kaja. Ena anamutsatira kuti akaleretse, ena kuti akaonere. Nthawi yomweyo amayi awiri otsala m'kope muja anandigwera. Wina anandiluma dzanja, wina analanda kopelo, analikhwinya pa petulo amene anatayikira pansi, anatola machesi a Fayisoni omwewo n'kuliyatsa patali pang'ono. La Limbani analiponyanso pomwepo. Moto umene anakonzera anthu unadya mapepala.

Gulu linagawikana, amuna akukangana okhaokha. Kondakitala ndi ine tinamuvula Limbani tayala, tinamukokera kuseri kwa minibasi, tinamuthira madzi a m'chigubu cha injini kuti petulo achoke m'maso. Yankho anakhala pansi pafupi nafe, osalira, osandiyang'ana. Kumudzi kuja kunkamveka kukuwa kwa munthu mmodzi, kukuleka, kukuyambanso.

Apolisi anafika dzuwa litapendeka. Otsala aja anabalalika. Ndinauza wapolisi wamkulu kuti kumudziko kuli mayi akuphedwa, ndipo analowa n'kubwera naye atamunyamula. Fayisoni anali atathawira kuthengo. Tonse anatikweza kumbuyo kwa galimoto imodzi kupita kuchipatala ku Balaka. Limbani anagona pakati. Apolisiwo anamukhazika Edina moyang'anana ndi ine, mkono utapindikira kumene mkono supindikira, nkhope yotupa yoti amake sakanamuzindikira. Yankho anavula nsalu yake kuti amufunditse, koma iye anaikankha ndi dzanja labwinolo. Anandiyang'ana ndi diso limene linkatseguka, nthawi yaitali, mpaka tinayamba kuona nyumba za m'tauni.

"Kani mumatha kuwerenga, agogo," anatero Edina.



Dalaivala wa mphindi makumi atatu uja sitinamuonenso. Limbani anagonekedwa masabata atatu, ndipo diso lakumanzere silinabwerere. Maphunziro a ku Rivirivi analephereka. Ine ndinakafikako ndekha patatha masiku awiri, wopanda kalongonda, wopanda mano, ndipo achemwali anga anayamba andifunsa kuti ndine ndani. Edina anadzatengedwa ndi achimwene ake. Kumene anapita naye sindikudziwa.

Pobwerera ndinadzera pa Balaka kukatenga Yankho. Podutsa pa mango paja tonse tinayang'ana mbali ina. Titafika pa Nsanama, osanditembenukira, anati mayi uja anamufunsa katatu ngati zolembazo zidzaonedwe ndi munthu, ndipo katatu konse anamuyankha kuti adziwa ndi Mulungu yekha. Ndinamuuza kuti zikanabwereranso ndikanawerenganso, chifukwa ndinalonjeza amake kuti ndibwera naye wamoyo. Anati akudziwa, ndipo n'chifukwa chake zikumupweteka.

Anabwerera ku sukulu. Ndikumva kuti kagulu kawo kamakumanabe Lachitatu, Limbani akutsogolerabe ndi diso limodzi, koma makope anasiya. Munthu akawauza vuto amalisunga m'mutu, likatayika latayika. Ine akadanditchabe mwana wake wauzimu, ndipo pa foni amandifunsa ndime ija ya m'minibasi. Mpaka lero ndimafika pa mawu atatu. Kuseri kwa khola ndimapitabe, musaganize kuti ndinasanduka mngelo, koma nkhani za anamapopa sindiseka nazonso.

Chimodzi chokha chinalowa m'mutu woumawu osatulukanso, ndicho dzina la mayi uja. Edina si dzina lake, Fayisoni si la mwamuna wake, ndipo mudziwo mwaona kuti sindinautchule. Dzina lenilenilo ndinalitchula pagulu kamodzi, pansi pa mango. Tsopano ndimalitchula m'mawa uliwonse ndisanatsuke m'kamwa, ndili ndekha, motsitsa mawu kuti ngakhale nkhuku zisamve.